Manja anayi a kaboni ndi pepala lomwe lidagona ku Paris

Ndikafika pa mutu wa valensi ndi ana anga a ku sekondale, ndimayamba mofanana chaka ndi chaka. Ndimalemba C pakati pa bolodi, kenako timizere tinayi: kena kuloza kumwamba, kena pansi, kena kumanja, kena kumanzere. Kunsonga kwa kamzere kalikonse ndimaikako H. Ana amakopera m'makope mwawo, ena akuyasamula chifukwa cha kutentha kwa masana, ndipo palibe amene amafunsa kuti timizereti tidachokera kuti. Amationa ngati mmene mwana wa ku Mulanje amaonera phiri: lidalipo, lilipo, basi. Komatu kamzere kameneka kali ndi chaka chake, kali ndi mwini wake, a Archibald Scott Couper a ku Scotland, ndipo mwini wakeyo adamwalira anzake a sayansi atamuiwaliratu. Chomwe chidabweza dzina lake ndi makalata, patadutsa zaka 50.

Ndiyambe ndi valensiyo, popeza ambiri mudasiyana nayo tsiku lomwe mudatuluka m'chipinda cha mayeso. Tiyerekeze kuti atomu iliyonse ili ndi manja ogwirira anzake, ndipo kuchuluka kwa manjawo kumadalira mtundu wa atomuyo. Haidirojeni ili ndi dzanja limodzi. Okosijeni ili ndi awiri, n'chifukwa chake imagwira mahaidirojeni awiri n'kupanga madzi, H₂O. Naitirojeni ili ndi atatu: ikagwira mahaidirojeni atatu timapeza amoniya, amene mafakitale amayambira popanga feteleza wa yureya uja timathira chimanga chikafika m'mawondo. Kaboni ili ndi anayi, ndipo chithunzi chomwe ndimalemba pa bolodi chija ndi methane, mpweya woyaka womwe umatuluka ndowe zikamawola m'dzenje lotsekedwa. Nambala ya manja imeneyi ndiyo valensi.

Manja enieni palibe. Lero timadziwa kuti chomwe chimagwirizanitsa maatomu ndi maelekitironi, tizigawo tating'onoting'ono ta atomu, omwe amagawana kapena kupatsana. Koma elekitironi idadziwika mu 1897, pomwe anthu a m'nkhani yathuyi amagwira ntchito m'zaka za m'ma 1850. Sadaonepo atomu, ndipo ena mwa anzawo amakayikira ngati maatomu alikodi. Zida zawo zidali sikelo, moto ndi mabotolo. Amawotcha chinthu, kuyeza madzi ndi mpweya zomwe zatuluka, n'kuwerengera kuti mudali kaboni wochuluka bwanji, haidirojeni wochuluka bwanji. Ngakhale pa kulemera kwa maatomu sankamvana: ambiri ankalemba madzi ngati HO. Mu 1835 a Friedrich Wöhler, katswiri wa kemisitiri wa ku Germany, adalembera kalata mphunzitsi wawo, a Berzelius a ku Sweden, kudandaula kuti kemisitiri ya zinthu za kaboni ikuwaonekera ngati nkhalango yowirira yopanda malire, yomwe munthu amaopa kulowamo.

Kanjira koyamba m'nkhalangoyi adakalambula ndi a Edward Frankland a ku England, omwe adayamba ngati mnyamata wophunzira ntchito m'sitolo ya mankhwala ku Lancaster, asanakaphunzire kemisitiri kwa a Bunsen ku Marburg, ku Germany. Iwo amalumikiza zitsulo monga zinki ndi tizidutswa ta kaboni ndi haidirojeni, n'kupeza timadzi toopsa tomwe timayaka tokha tikangokhudzana ndi mpweya. Pa ntchitoyi adazindikira kanthu: atomu iliyonse ili ndi malire, ikakhuta siilandiranso mnzake wina. Adaona kuti naitirojeni, fosifolasi, arsenic ndi antimony zimakonda kugwira anzawo atatu kapena asanu. Mu 1852 adapereka pepala la zimenezi ku Royal Society, bungwe la akatswiri a sayansi la ku London, ndipo adatchula khalidweli kuti mphamvu yogwirana ya atomu. Mawu akuti valensi adabwera pambuyo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1860, kuchokera kwa akatswiri a ku Germany.

Chidatsala ndi kaboni, mwini nkhalango. Mfundo zomwe zidasoweka zidali ziwiri, ndipo lero zimaoneka zosavuta mpaka munthu kudabwa kuti zidavutiranji. Yoyamba, kaboni ili ndi manja anayi. Yachiwiri, yomwe ndi yaikulu, kaboni imatha kugwira kaboni inzake, inzakeyo n'kugwiranso ina, mpaka kupanga unyolo, manja otsalawo n'kumagwira haidirojeni, okosijeni ndi zina. Taganizani ana atagwirana manja pabwalo, koma mwana aliyense ali ndi manja anayi: awiri agwira anzake a mumzere, awiri otsalawo anyamula katundu. Shuga, mafuta ophikira, petulo, sera wa kandulo, thumba la pulasitiki, zonsezi ndi maunyolo otere, kusiyana kutalika ndi katundu amene anyamula.

Apa ndi pomwe kamzere kaja kamaonetsa ntchito yake. Mowa womwe uli mu kachasu, womwenso amatcheza ku Dwangwa n'kusakaniza ndi petulo, ndi ethanol: makaboni awiri, mahaidirojeni 6, okosijeni imodzi. Pali chinthu china chotchedwa dimethyl ether chomwe chili ndi maatomu omwewo ndendende, osachotsa osawonjezera, koma icho ndi mpweya, si chamadzimadzi. Sikelo singakuuzeni chifukwa chake. Mukajambula timizere mpamene mumaona: mu ethanol makaboni awiriwo agwirana okhaokha ndipo okosijeni ili chakumapeto, pomwe mu mpweya uja okosijeni yakhala pakati, kaboni uku kaboni uku. Njerwa n'zomwezo, kamangidwe n'kosiyana. Popanda chithunzi chotere sipakadakhala njira yopangira dala mankhwala a malungo kapena ma ARV, chifukwa wopangayo ayenera kudziwa kuti atomu iti yagwira iti.

Anthu awiri adafika pa mfundo ziwirizi m'miyezi yomweyo ya 1858, wina osadziwa za mnzake. Woyamba ndi a August Kekulé, Mjeremani wobadwa mu 1829, yemwe adayamba ndi maphunziro a kamangidwe ka nyumba ku Giessen asanakopeke ndi maphunziro a kemisitiri a pulofesa Liebig. Pa nthawiyi adali mphunzitsi wamng'ono ku Heidelberg, koma adali atayenda kale: Paris, Switzerland, London, ndipo akuluakulu a kemisitiri amawadziwa. Wachiwiri ndi a Archibald Scott Couper, obadwa pa 31 Malichi 1831 ku Kirkintilloch, tauni yaing'ono pafupi ndi Glasgow ku Scotland, mwana wa mwini fakitale yoluka nsalu. Adali wodwaladwala kuyambira ali mwana. Ku yunivesite ya Glasgow ndi ya Edinburgh adaphunzira zinenero zakale ndi filosofi, ndipo kemisitiri adayiyamba mochedwa, ku Berlin, ali ndi zaka zopitirira 20. Mu 1856 adalowa mu labotale ya a Charles Adolphe Wurtz ku Paris.

Ine ndimakhulupirira kuti kuchedwa kumeneku ndi kumene kudawathandiza. Sadakulire m'misasa ya akatswiri omwe amalimbana pa nthawiyo, motero sadali ndi mbali yoti aiteteze. Adafunsa funso la munthu wa filosofi: ngati tikufuna kumvetsa mawu, kodi sitiyenera kuyamba tadziwa zilembo ndi mmene zimalumikizirana? Pasanathe zaka ziwiri ali ku Paris, adali atalemba kale mapepala a zomwe adapeza pa benzene, chamadzimadzi choyaka chopangidwa ndi kaboni ndi haidirojeni, ndi pa asidi wa salicylic, yemwe ndi kholo la asipirini. Kenako, chakumayambiriro kwa 1858, adalemba pepala lalifupi lomwe mutu wake umanena za chiphunzitso chatsopano cha kemisitiri. M'menemo mudali manja anayi a kaboni, mudali unyolo, ndipo mudali chinthu chomwe pepala la a Kekulé lidalibe: zithunzi. Zilembo za maatomu, zolumikizidwa ndi timizere ta madontho. M'pepala lalitali lomwe lidatsatira m'Chifalansa, madonthowo adasanduka timizere tathunthu, tofanana ndi tomwe ndimalemba pa bolodi.

Tsono kuti ntchito imveke ku Paris, imayenera kudzera ku Académie des Sciences, bungwe lalikulu la akatswiri a sayansi la dziko la France. Bungweli limakumana Lolemba lililonse, ndipo zowerengedwa pamsonkhano zimasindikizidwa mwachangu m'magazini yake ya sabata ndi sabata, Comptes rendus. Koma munthu wamba sakadangolowa n'kuyamba kuwerenga. Pepala la mlendo limayenera kuperekedwa ndi membala. Ife izi si zachilendo: kubwalo la mfumu yaikulu sumangofika n'kuyamba kulankhula, umadzera kwa nduna, ndipo nduna ikakhala ndi mphwayi mlandu wako umagona. A Couper adapereka pepala lawo kwa mphunzitsi wawo, a Wurtz, kuti awathandize kulifikitsa. A Wurtz eni ake sadali membala pa nthawiyo, adasankhidwa mu 1867, choncho nawonso amayenera kupeza wina wowanyamulira. Adazengereza. Masabata adadutsa.

Zengerezu adalinda kwawukwawu, koma pano amene adalinda kwawukwawu si amene adazengereza. Mu Meyi 1858 magazini ya ku Germany yotchedwa Annalen der Chemie und Pharmacie idatuluka ndi pepala la a Kekulé lofotokoza kaboni wa manja anayi ndi unyolo wake. Pepala la a Couper lidawerengedwa ku Académie pa 14 Juni, litanyamulidwa ndi a Jean-Baptiste Dumas, mmodzi wa akuluakulu a bungwelo. Kusiyana kwake kudali kwa masabata osakwana anayi. A Kekulé ataliona sadachedwe: adalembera bungwelo kalata, yomwe idasindikizidwa mu Comptes rendus momwemo mu Ogasiti, kukumbutsa kuti za manja anayi adazitchula kale mu 1857 ndipo za unyolo zidali zitatuluka kale mu Meyi. Pa masiku, zomwe adalembazo zidali zoona. Sadabe kanthu kwa munthu, ndipo sindikufuna kuti wina awerenge nkhaniyi n'kumawaona ngati mbala.

A Couper adapsa mtima. Adakafunsa a Wurtz maso ndi maso, ndi mawu owawa, ndipo a Wurtz adawachotsa mu labotale. Mnyamata wa zaka 27, mlendo m'dziko la eni, adataya pa kamodzi ulemu wa ntchito yake ndi malo ogwirirapo ntchito. Ndimamvetsa kuti mphunzitsi safuna kunyozedwa pamaso pa ophunzira ena. Koma amene adalakwa poyamba ndi amene adali ndi mphamvu zothamangitsa, ndipo adazigwiritsa ntchito. A Wurtz adali katswiri weniweni, yemwe dzina lake ana athu a ku koleji amaliloweza mpaka lero, ndipo labotale yawo idalera anthu ambiri ochokera m'maiko osiyanasiyana. Zimenezi sizichotsa kuti pa nkhani iyi sadamuchitire chilungamo mwana amene adawakhulupirira.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi zomwe zidachitika tsidya lina la nyanja, ku England, mwezi womwewo. Mu Juni 1858 a Charles Darwin adalandira kalata yochokera ku zilumba za Indonesia wa lero, kwa a Alfred Russel Wallace, yokhala ndi ganizo la mmene mitundu ya zamoyo imasinthikira pakapita nthawi, lomwe a Darwin adakhala akulisinkhasinkha kwa zaka 20 osalisindikiza. Vuto lake lomwelo: anthu awiri, ganizo limodzi. Koma a Darwin adali ndi abwenzi mkati mwa bwalo. A Charles Lyell ndi a Joseph Hooker adakonza zoti zolemba za onse awiri ziwerengedwe pamodzi ku Linnean Society, bungwe la akatswiri a zamoyo la ku London, pa 1 Julaye, ndipo mayina onse awiri adalowa m'mabuku a bungwelo tsiku limodzi. Zidatheka m'masabata awiri okha. Njira yolemekezera anthu awiri idalipo, idangofunika munthu wamkati wofuna kuthamanga nayo nkhaniyo. Ku Paris palibe adalemba kalata yonena kuti pepala la mnyamatayu lidali m'manja mwanga Meyi asanafike. Chiganizo chimodzi chotere, chosindikizidwa mu 1858, chikadakwanira.

A Couper adabwerera kwawo, ndipo chakumapeto kwa 1858 adapeza malo ngati wothandizira wa a Lyon Playfair, pulofesa wa kemisitiri ku Edinburgh. Ndingotchulako pang'ono kuti a Playfair amenewa ali mnyamata adaphunzira kemisitiri ku Glasgow, kwa a Thomas Graham, pamodzi ndi David Livingstone. Chaka chomwe Livingstone adafika pa nyanja yathu, 1859, ndi chaka chomwe a Couper adadwala matenda a maganizo. Adagonekedwa m'chipatala, adatuluka, adadwalanso, ndipo sadabwererenso ku ntchito ya sayansi. Zaka pafupifupi 30 zotsalazo adakhala ku Kirkintilloch akusamalidwa ndi mayi awo, mpaka adamwalira pa 11 Malichi 1892. Anthu ena amakonda kunena kuti a Wurtz ndi amene adawadwalitsa. Ine sindifika pamenepo: matenda a maganizo sabwera ndi chifukwa chimodzi, ndipo thanzi lawo lidali lofooka kale. Chomwe ndinganene n'chakuti atadwala panalibenso wowalankhulira. Ganizo latsopano limafuna mwini wake akhale alipo, aziliteteza, azilikonza, aziphunzitsa ena. A Kekulé adalipo. Adalemba buku lophunzitsira lomwe lidafala, adalera ophunzira ku Ghent ndi ku Bonn, ndipo mu 1865 adatulukira kuti makaboni 6 a benzene agwirana mozungulira ngati mphete.

Ulemu udawagwera a Kekulé monga mvula ya mu Januwale. Royal Society idawapatsa mendulo yake yapamwamba kwambiri, ya Copley, mu 1885. Mu 1890 bungwe la akatswiri a kemisitiri la ku Germany lidawakonzera chikondwerero chachikulu ku Berlin, pokumbukira zaka 25 za mphete ya benzene. Kumeneko adafotokoza mmene ganizo la unyolo lidawafikira akuwodzera pamwamba pa basi yokokedwa ndi akavalo ku London. Tsiku la chikondwererocho lidali 11 Malichi. Zaka ziwiri zenizeni pambuyo pake, tsiku lomwelo, a Couper adatsikira kuli chete popanda bungwe lililonse la sayansi kuzindikira.

Ngakhale a Frankland, omwe adali ndi dzina ndi maudindo, sadakhutire ndi mmene mbiri ya valensi imakambidwira. Ku Germany ambiri amaiyamba nkhaniyo ndi a Kekulé, ngati kuti pepala la 1852 kudalibe. Mnzawo wakale, a Hermann Kolbe a ku Leipzig, adalemba mokalipa kuwaikira kumbuyo, ngakhale kuti ukali wa a Kolbe pa aliyense amene sadagwirizane nawo udachititsa kuti ambiri asawamvere. Mendulo ya Copley idawafika a Frankland mu 1894, zaka 9 pambuyo pa a Kekulé, zaka 42 pambuyo pa pepala lija. Owerenga adziwe kuti mendulo zotere sizigwa kuchokera kumwamba. Membala wina amayenera kutchula dzina lako, wina kulivomereza, ena kulemberana makalata kukopana, kenako komiti n'kuvota. Amene ali ndi omulembera amakumbukika. A Frankland adadikira, koma adali ndi ophunzira awo mkati mwa bwalo. A Couper adalibe ndi mmodzi yemwe.

Mlandu suola, amatero akuluakulu, ndipo amene adaufukula ndi munthu yemwe simukadamuganizira. A Richard Anschütz adali wothandizira wa a Kekulé kwa zaka zambiri ku Bonn, ndipo pambuyo pake adakhala pampando wa a Kekulé womwewo. Adakumana ndi dzina la Couper koyamba mu labotale, osati m'mabuku a mbiri. A Couper adalemba mu 1858 kuti atasakaniza asidi wa salicylic ndi mankhwala a fosifolasi otchedwa phosphorus pentachloride n'kutcheza, adapeza chinthu chatsopano chokhala ndi fosifolasi mkati. Akatswiri otchuka, a Kekulé omwe, adayesa kubwereza osachipeza, ndipo zidangotengedwa kuti mnyamatayo adalakwitsa. M'zaka za m'ma 1880 a Anschütz adabwereza ntchitoyo mosamala, kutsata mmene mwini wake adalembera, ndipo chinthucho chidatuluka. Sadalakwitse. Ife a mu labotale timadziwa tanthauzo la zimenezi. Munthu ukatsata mapazi ake pa benchi n'kupeza kuti zonse zomwe adanena n'zoona, umayamba kumulemekeza ngati kuti wamugwira chanza.

A Kekulé atamwalira mu 1896, a Anschütz adayamba kusonkhanitsa zolembera mbiri ya moyo wawo. Atafika pa chaka cha 1858 adawerenganso mapepala a Couper, ndipo adafuna kudziwa kuti munthuyu adali yani, adathera kuti. M'mabuku mudalibe yankho. Adayamba kulemba makalata. Ena adapita kwa okalamba omwe adadutsa mu labotale ya a Wurtz. A Adolf Lieben a ku Vienna, omwe adali komweko mu 1858, adayankha kuchitira umboni kuti a Couper adafika pa ganizolo paokha, ndi kuti pepala lidachedwa m'manja mwa a Wurtz. A Albert Ladenburg, omwe adagwira ntchito ku Paris zaka zingapo pambuyo pake, adafotokoza za mkangano uja ndi kuthamangitsidwa. Umboni womwe udasoweka mu 1858 udapezeka, koma ochitira umboniwo ali ndi imvi, woimbidwa mlandu ndi wodandaula onse ali m'manda.

Makalata ena adapita ku Edinburgh, kwa a Alexander Crum Brown, ndipo apa nkhani imandigwira mtima. A Crum Brown ndi amene adalowa m'malo mwa a Playfair mu 1869. Adali wophunzira mumzinda womwewo pa nthawi yomwe a Couper adagwirako ntchito kwa miyezi yochepa ija. Ndi iwonso amene, kuyambira 1861, adakonza kajambulidwe ka zilembo ndi timizere kufika poti n'kugwiritsidwa ntchito ndi aliyense, ndipo a Frankland adakafalitsa m'buku lawo la ophunzira la 1866. Kunena kwina, munthu amene adali ndi chifukwa chofuna kuti dzina la Couper likhale lokwiririka, popeza ulemu wa timizere udali utapita kwa iye, ndi amene adavala nsapato kukafufuza. Adafunsa achibale, adalondola za ubwana, za maphunziro ndi za matenda, n'kumatumiza zonse ku Bonn. A Anschütz adalemba mbiriyo m'Chijeremani, a Crum Brown adaimasulira m'Chingerezi n'kuipereka ku Royal Society ya ku Edinburgh, yomwe idaisindikiza mu 1909. Ulendo uno pepala lokhudza Couper lidapeza membala wolinyamula popanda kuzengereza.

Taonani amene adachita zimenezi. Wina wolowa m'malo mwa a Kekulé, yemwe amalemba buku lotamanda mphunzitsi wake. Wina mwini timizere m'maso mwa anthu. Onse awiri amataya kanthu pobweza dzinali, ndipo palibe adawakakamiza. Mu ntchito yathu timakamba kwambiri za kunena zoona pa zomwe sikelo yaonetsa. Kunena zoona pa za amene adayamba n'kovuta kuposa pamenepo, chifukwa kumakhudza aphunzitsi athu, dziko lathu ndi ife eni.

Mabungwe a sayansi adaphunzirapo kanthu pa mikangano yotere, yomwe idali yambiri. Académie yomweyo idali ndi mwambo wakale woti munthu atha kusungitsa ganizo lake m'envulopu yomata, yolembedwa tsiku, kuti idzatsegulidwe pakadzabuka mkangano. Lero mukatsegula pepala la sayansi, kawirikawiri mupeza pansi pa mutu palembedwa tsiku lomwe magazini idalilandira, osati lomwe idasindikiza lokha. Timanambala timeneto ambiri satiwerenga, koma tidaikidwa kuti nthawi yomwe pepala lagona m'manja mwa ena isawerengedwe ngati kuchedwa kwa mwini wake. Ngakhale zili choncho mkangano wa valensi udabwereranso m'badwo wotsatira. A Gilbert Lewis a ku Berkeley adafotokoza mu 1916 kuti kamzere kaja ndi maelekitironi awiri omwe maatomu awiri agawana. A Irving Langmuir adalikulitsa ganizolo kuyambira 1919 n'kulilalikira mwaluso mpaka anthu adayamba kulitchula ndi dzina la a Langmuir, ndipo awiriwa adalemberana makalata osakoma pa za mwini wake weniweni.

Koma tsiku lolandirira limateteza pepala lomwe lafika ku magazini. Lomwe likadali mu kabati ya mphunzitsi silitetezedwa ndi chilichonse, ndipo apa ndi pomwe nkhani ya 1858 imatikhudza ife. Ndidaonapo mtsikana wina atamaliza kafukufuku wake wa digiri yachiwiri, wokhudza madzi a m'zitsime, n'kupereka zolemba zake kwa womuyang'anira kuti aziwerenge zisanatumizidwe. Adadikira miyezi. Amapita kukagogoda, n'kubwerako ndi yankho loti abwere sabata yamawa. Sakadatha kukalipa, popeza munthu yemweyo ndi amene amayenera kusainira kuti amalize maphunziro. Womuyang'anirayo sadali munthu woipa mtima. Adali ndi makalasi odzaza, misonkhano, maulendo, monga tonsefe. Ndikuganiza kuti a Wurtz nawonso adali otero. Kwa wamkulu, pepala la wophunzira ndi chimodzi mwa zinthu 20 zomwe zili pa tebulo. Kwa wophunzirayo ndi zaka ziwiri za moyo wake, ndipo mwina ndi khomo lokhalo lomwe ali nalo. Anzanga amene tili ndi makabati otere, tikalandira pepala tilembepo tsiku pamaso pa mwini wake, timuuze tsiku lomwe tidzabweze, ndipo ngati sitingathe timuuze msanga kuti apite nalo kwa wina.

A Anschütz sadalekere pa mbiri ya 1909 ija. Mu 1911 adasindikizanso pepala lenileni la a Couper m'Chijeremani, mu mndandanda wa a Ostwald wa zolemba zikuluzikulu za sayansi, kuti aliyense adziwerengere yekha. Amene amaliwerenga amapezamo zolakwika za nthawi yake: okosijeni amailemba iwiriiwiri chifukwa cha chisokonezo cha kulemera kwa maatomu chija. Amapezamonso zomwe zidatsogola. A Couper adanena kuti kaboni nthawi zina imagwira ndi manja awiri okha, monga mu mpweya wakupha uja umatuluka pa mbaula ya makala m'nyumba yotseka, pomwe a Kekulé adaumirira kuti valensi ya atomu siisintha, ndipo pa mfundo yoti valensi imatha kusintha nthawi idagwirizana ndi a Couper ndi a Frankland. Ndipo chakumapeto kwa pepala lalitali la Chifalansa lija kuli chithunzi cha asidi wa cyanuric, momwe makaboni atatu ndi manaitirojeni atatu agwirana manja mosinthana mpaka womaliza wagwira woyamba. Ndi mphete, yojambulidwa mu 1858, kutatsala zaka 7 kuti dziko limve za mphete ya benzene.